Mutu ukakula sulewa nkhonya: tank amene samenyedwa akuteteza ndani?

Mpangankhani woyamba amene ndinamusewera mu Dungeons & Dragons anali fighter, ndipo ndinamukonza kuti asakhudzidwe ndi kanthu. Ndinamuveka malaya a unyolo, ndinamupatsa chishango, ndipo pa kamenyedwe ndinasankha kaja kotchedwa Defense. Nditaphatikiza manambala, AC yake inafika pa 19 akadali pa levulo yoyamba. Ndinauza anzanga patebulo kuti asade nkhawa, tank wafika.

Tinkasewera Lost Mine of Phandelver, nkhani imene ambiri amayambira, ndipo nkhondo yake yoyamba ndi ya magoblin anayi obisalira apaulendo m'mbali mwa msewu. Inatha m'maraundi anayi. Ine ndinatuluka ndi HP yanga yonse. Wizard wa mnzathu wina anali gone pambali pa ngolo, atafa. Mtsikanayu anali atalemba masamba atatu a mbiri ya wizard wakeyo, za mayi ake, za ngongole imene anathawa kwawo, za buku limene ankalisakasaka, ndipo zonsezo zinathera pamsewu patangopita mphindi 40 chiyambireni masewera. Anaseka nafe, n'kunena kuti palibe kanthu. Loweruka lotsatira sanabwere.

Usiku womwewo ndinamupanikiza DM wathu. "Aise, magoblin ako onse kuthamangira munthu mmodzi, ine ndili pomwepo ndi lupanga? Unachita dala." Iye anangondifunsa kuti, "Iweyo ukanakhala goblin, uku kuli chimunthu chovala zitsulo, uku kuli kamunthu kovala mkanjo, ukanabaya ndani?" Ndinasowa choyankha. Zinanditengera masabata kuti ndivomere kuti wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinkaganiza kuti ntchito ya tank ndi kusafa. Lero ndimati tank timamuyesa ndi HP imene anzake atsala nayo nkhondo ikatha. Amene watuluka wopanda bala anzake akukokedwa pansi walephera ntchito, ngakhale AC yake ikhale 25.

Kwa inu amene simunasewerepo, ndifotokoze pang'ono. D&D inatuluka ku America mu 1974, yopangidwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo lero ili m'manja mwa kampani ya Wizards of the Coast. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi mpangankhani wake. Mmodzi amakhala Dungeon Master, mwachidule DM, ndipo ndiye amafotokoza dziko, kuyankhulira anthu onse amene mukukumana nawo ndi kuyendetsa adani. Ukafuna kumenya umaponya dayisi ya mbali 20 n'kuwonjezerapo bonasi yako. Nambala ikafika pa AC ya mdaniyo kapena kupyola, wamupeza. HP ndi moyo umene watsala nawo, ikafika pa 0 umagwa. Malamulo amene ndikukamba pano ndi a mtundu wachisanu wa masewerawa, wa 2014, ndipo pamene buku lokonzedwanso la 2024 lasintha china ndinenapo.

Tsopano onani zimene goblin uja ankaona. Bonasi yake ndi +4. Kuti apeze fighter wanga wa AC 19 ankafunika 15 kapena kupyola, mwayi 30 pa 100. Kuti apeze wizard wa AC 12 ankafunika 8 yokha, mwayi 65 pa 100. Goblin akakupeza amachotsa HP pafupifupi 5. Ine ndinali ndi 13, wizard anali ndi 8. Werengani nokha: kundigwetsa ine kukanafuna kuponya pafupifupi ka 10, pamene wizard ankangofuna katatu. Kuwonjezera apo goblin ali ndi luso lotchedwa Nimble Escape, limene limamulola kuchoka pambali pako osakupatsa mpata womutema. Zitsulo zonse zimene ndinavala zinagwira ntchito imodzi yokha, yowauza magoblin kuti apite kwina, ndipo kwinako kunali mnzanga.

Chisokonezochi chimachokera kumene mawuwa anakulira. Tank ndi kasinja wa nkhondo uja, koma osewera anayamba kutchula munthu wotchinga anzake ndi dzinali m'masewera a pa kompyuta, ndipo linafala kwambiri ndi EverQuest ya 1999 ndi World of Warcraft ya 2004. Kumeneko chilombo ndi pulogalamu. Chimasunga mndandanda wa amene achikwiyitsa, n'kumamenya amene ali pamwamba. Tank ali ndi batani la taunt, akalidina chilombo chimatembenukira kwa iye, chifune chisafune. Patebulo palibe batani lotere. Adani akuyendetsedwa ndi munthu amene akuona mapu onse ndipo akudziwa amene wavala mkanjo. Keith Ammann analemba buku lathunthu, The Monsters Know What They're Doing, la 2019, lothandiza ma DM kuyendetsa chilombo chilichonse molingana ndi nzeru zake. DM amene waliwerenga sangamatumize adani ake kukagunda khoma raundi ndi raundi.

Opanga D&D anayesapo kuthana ndi vutoli kudzera m'malamulo. Mtundu wachinayi, wa 2008, unagawa osewera m'ntchito zinayi: defender, striker, leader ndi controller. Defender ankaika chizindikiro pa mdani, ndipo mdaniyo akamenya wina kusiya defender ankachotseredwa 2 pa kuponya kwake, pamwamba pa chilango china. Fighter ankamutema pomwepo, paladin ankamuwotcha ndi kuwala. Ngakhale lamulo limenelo silinkamukakamiza mdani. Linkangomuikira zosankha ziwiri zoipa: menya munthu wovuta kumupeza, kapena menya wofewa koma ulipire. Mtundu wachisanu unachotsa chizindikirochi kwa fighter wamba, koma mfundo yake inatsala. Ntchito ya tank ndi kukweza mtengo wa kumunyalanyaza, ndipo zida zochitira zimenezi zilipo, zikungofuna kuzidziwa.

Chida choyamba sichilembedwa pa pepala la mpangankhani. Ndi malo amene waima. Pa mapu, kabokosi kalikonse ndi mafiti 5, ndipo ambiri amayenda mafiti 30 pa raundi. Pabwalo lotseguka munthu mmodzi sangatchinge anthu anayi, adani amangokulambalala. Koma mdani wa msinkhu wako sangadutse m'kabokosi kamene waima iwe, ndiye njira ya mafiti 5 m'lifupi imatsekedwa ndi munthu mmodzi. Ngakhale woponya mivi, akamalasa mnzako amene ali kumbuyo kwako, thupi lako limamuwonjezera mnzakoyo 2 pa AC. Choncho DM akangoyala mapu, funso loyamba la tank likhale lakuti khomo lili pati, mlatho uli pati, phanga lapapatiza pati. Kawirikawiri kusewera kwanzeru ndi kubwerera m'mbuyo mafiti 15 n'kuwakokera adani pampanipani. Ine tsiku lija ndinali woyamba kusuntha, ndipo ndinathamanga mafiti 30 kutsogolo kukakumana ndi magoblin, n'kumusiya wizard yekha pa ngolo.

Chida chachiwiri ndi reaction, kachochita kamene umaloledwa pa nthawi ya wina. Aliyense ali ndi imodzi yokha pa raundi. Mdani akachoka pambali pako umatha kuigwiritsa ntchito kumutema kamodzi, koma ogre wa HP 59 amangolandira kutemako n'kupitirira ulendo wake. Apa m'pamene luso la Sentinel limasintha zinthu. Ukamupeza pa kutema kumeneko amaima pomwepo, kuyenda kwake kumakhala 0 pa nthawi yakeyo, ndipo ngakhale goblin wa Nimble Escape sangakuzembe ulere. Palinso kamenyedwe ka Protection, kofuna chishango. Mnzako amene ali mafiti 5 kuchokera pa iwe akamenyedwa, umamupatsa mdaniyo disadvantage, kutanthauza kuti aponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaing'ono. Mwayi uja wa 65 pa 100 umatsika kufika pa 42. Buku la Tasha's Cauldron of Everything la 2020 linawonjezera Interception, imene imachepetsa bala la mnzako ndi dayisi ya mbali 10 kuphatikiza bonasi yako. Chenjezo ndi lakuti zonsezi zimadya reaction imodzi yomweyo. Ukasankha zonse zitatu uli ngati mlimi wa makasu atatu koma manja ake ndi omwe aja. Ndipo adani akakhala asanu, usaitaye pa khoswe pamene ogre ali m'njira.

Pali ampangankhani ena amene anapangidwiratu ntchitoyi. Mu Xanathar's Guide to Everything ya 2017 muli barbarian wa Ancestral Guardian. Mdani woyamba amene wamupeza pa nthawi yake, ali mu ukali wake, amakhala ndi disadvantage akamamenya wina aliyense, ndipo akamupezabe winayo bala lake limadulidwa pakati. M'buku lomwelo muli fighter wa Cavalier, amene anabweza chizindikiro chija cha 2008. Paladin ali ndi matsenga a Compelled Duel, ndipo fighter wa Battle Master ali ndi Goading Attack. Mukaziyang'anitsitsa zonsezi muona kuti zimagwira mdani mmodzi kapena ochepa chabe. Palibe chimene chimamangirira gulu lonse pa iwe. Ndiye pa raundi iliyonse tank amafunika kudzifunsa kuti mwa onsewa, ndi uti amene akafika kwa anzanga agwetsa munthu. Ameneyo ndiye wako. Timagoblin totsalato anzako athana nato.

Chida chotchipa kuposa zonse ndi dzanja lopanda kanthu. Aliyense angathe kugwira mdani, bola asakhale wamkulu kupyola sitepe imodzi pa msinkhu wako. M'malamulo a 2014 mumapikisana pa kuponya, iwe ndi Athletics yako, ndipo ukapambana kuyenda kwake kumakhala 0. Ukamukankhiranso pansi wathedwa, chifukwa kudzuka kumafuna theka la kuyenda kwake, ndipo theka la 0 palibe chimene angachite nalo. Ali pansipo amamenya ndi disadvantage, pamene anzako oima pafupi amamumenya ndi advantage. Ungowachenjeza oponya mivi a mbali yako, chifukwa kwa iwo munthu wogona pansi amavuta kumulasa. Buku la 2024 linasintha kaponyedwe ka kugwiraku, koma linawonjezera chinthu chimene tank aliyense ankachilakalaka: wogwidwa amakhala ndi disadvantage akamamenya wina aliyense kupatula amene wamugwira. Vuto ndi lakuti lupanga uku, chishango uku, dzanja latha. Kuti ugwire munthu uyenera kusiya chimodzi, ndipo nthawi zina chosiyacho ndi 2 ya pa AC yako. Fighter wanga woyamba sakanavomera zimenezo.

Mphunzitsi wabwino wa nkhani yonseyi ndi barbarian. Pa levulo yachiwiri amalandira Reckless Attack. Akaisankha amamenya ndi advantage, koma adani onse amamumenyanso ndi advantage mpaka nthawi yake ikwanenso. Munthu wongoyamba amaona ngati ndi misala. Koma barbarian ali ndi dayisi ya HP yaikulu kuposa onse, ya mbali 12, ndipo ali mu ukali mabala a lupanga, mkondo ndi chibonga amadulidwa pakati. Akudziika poyera dala, ndipo akutema mwamphamvu moti kumusiya n'kudzipha. DM akamaona advantage ili apo yaulere, dzanja limapita lokha. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo barbarian wa AC 15 amene nkhonya zonse zikugwera pa iye akuteteza gulu kuposa fighter wa AC 21 amene aliyense akumulambalala. Chimodzimodzi cleric amene waponya Spirit Guardians. Mdani aliyense wolowa mafiti 15 omuzungulira amayenda theka la liwiro lake ndipo amapsa raundi iliyonse, ndiye njira yachidule yothetsera matsengawo ndi kumumenya cleric mpaka maganizo ake abalalike. Pa pepala lake sipanalembedwe kuti tank, koma adani alibe kwina kopita.

Sindikunena kuti kulimba n'kosafunika. Tank amene wagwa pa raundi yoyamba ndi khomo losiyidwa pululu. Koma ambiri timalimbitsa mbali imodzi yokha. AC imakuteteza ku malupanga ndi mivi. Matsenga ambiri safunsa AC, amafuna saving throw, kuponya kodzipulumutsa. Fireball imafuna Dexterity. Hold Person imafuna Wisdom, ndipo ukalephera umauma ngati chipilala, aliyense wokumenya ali pafupi amakuvulaza ngati waponya 20. Fighter ndi barbarian amayamba ndi luso pa Strength ndi Constitution basi, ndiye mdani wamatsenga wochenjera amadziwa pomwe angawabaye. N'chifukwa chake luso la Resilient pa Wisdom, ngakhale silisangalatsa kulisankha, limapulumutsa magulu ambiri, ndipo paladin wa levulo 6 ndi wa mtengo wapatali, popeza aliyense woima mafiti 10 kuchokera pa iye amawonjezera Charisma ya paladinyo pa saving throw iliyonse. Ganiziraninso za ndalama. Malaya a unyolo ndi ndalama zagolide 75 ndipo amapereka AC 16. Zovala zachitsulo za thupi lonse ndi 1,500 ndipo zimapereka 18. Ndalama zomwezo zingagule mabotolo 30 a mankhwala ochiritsa, a 50 lililonse. Gulani zitsulozo ngati gulu lagwirizana, koma likhale gulu limene lagwirizana.

Palinso chifukwa cha masamu chimene bala liyenera kugwera tank. HP yake ndi yotchipa kuibweza. Gulu likapuma ola limodzi, fighter amadzichiritsa ndi madayisi a mbali 10 pamene wizard ali ndi a mbali 6. Fighter alinso ndi Second Wind, yomubwezera dayisi ya mbali 10 kuphatikiza levulo yake, ndipo kupuma kwa ola lomwelo kumamubwezera mpata woigwiritsanso ntchito. Bala la 10 pa wizard silichotsa HP yokha, lingathenso kumuthyolera matsenga amene akuwasunga m'maganizo, amene mwina ndi omwe agwira theka la adani. Koma kulandira mabala kuli ndi malire. Tank amene sabwerera m'mbuyo amamaliza matsenga onse a cleric, gulu n'kukalowa nkhondo yomaliza opanda womuchiritsa. Ukaima pakhomo ndipo adani alibe podzera, chochita chabwino nthawi zambiri ndi Dodge: sumenya, koma aliyense wokumenya ali ndi disadvantage. Ochepa amaisankha, chifukwa kusaponya dayisi pa nthawi yako kumawawa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti mu mtundu wachisanu mulibe tank, ndipo chitetezo chenicheni ndi kupha adani msanga. Goblin wakufa samenya munthu. Ndikuvomera theka la mfundoyi. N'zoona kuti wizard mmodzi ndi matsenga oyenera amaletsa mabala ambiri kuposa chishango changa. Wizard wa mnzathu uja anali ndi Sleep pa pepala lake, imene m'malamulo a 2014 imagoneka adani a HP pafupifupi 22 onse pamodzi. Goblin ali ndi HP 7. Akanatha kugoneka awiri kapena atatu pakamodzi, nkhondo n'kuthera pomwepo. Koma anadzidzimutsidwa, raundi yoyamba inamupita, ndipo pa yachiwiri magoblin anamufika iye asanatsegule pakamwa. Chimene ankasowa chinali raundi imodzi yokha, ndipo womugulira raundi imeneyo ndinayenera kukhala ine. Opha msanga aja ndi anthu a HP yochepa. Wina ayenera kuwasungira nthawi, kaya mumutche tank kaya dzina lina.

Ena amanena zosiyana: DM wabwino azingomenya tank, chifukwa munthuyo anadzikonzera zimenezo ndipo n'zimene zimamusangalatsa. Awa ndi amene anali maganizo anga usiku uja, ndipo ndinawasiya. Ogre wa Intelligence 5 kapena zombie amamenyadi amene ali pafupi, ndipo DM wabwino amakupatsa nkhondo zotere kuti chishango chako chilire. Koma mkulu wa asilikali a hobgoblin akamachitanso chimodzimodzi, masewera asanduka chibwana, ndipo kupambana kwake sikukoma. Chimene tank wapatebulo ali nacho, chimene wa pa kompyuta alibe, ndi pakamwa. Mutukwane mtsogoleri wa adani pamaso pa anyamata ake. Thyola mbendera yawo. Nyamula iweyo chinthu chimene abwerera, n'kuchikweza m'mwamba kuti onse achione. Palibe lamulo lokakamiza DM kuyankha, koma DM ndi wokamba nkhani, ndipo ukamupatsa chifukwa chomveka choti mdani akulunjike, kawirikawiri amachitenga mokondwa. Ngati mukufuna nkhondo za pakhomo ndi pamlatho, muuzeni masewera asanayambe. Kupempha kotero n'kwabwino, koma kupempha kuti adani akhale opusa ayi.

Anzake a tank nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo apa ndikulankhula ndi inu osewera rogue amene mumakonda kutsogola nokha mumdima. Protection imafika mafiti 5. Chitetezo cha paladin chimafika mafiti 10. Ukathamangira mbali ina ya mapu palibe chishango chimene chingakutsatire. Gwirizanani ndondomeko ya kayendedwe musanalowe m'phanga: ndani patsogolo, ndani pakati, ndani akuyang'ana kumbuyo. Wizard anene kumene akufuna kuponya Fireball kuti tank asaimepo. Rogue akumbukire kuti Sneak Attack yake imatheka mosavuta pamene mnzake waima mafiti 5 kuchokera pa mdaniyo, ndiye bala lalikulu limene amadzitama nalo theka lake ndi la munthu amene waima kutsogolo kuja. Mphindi ziwiri za kukambirana kotere zimaposa luso lililonse limene mungasankhe m'buku.

Chovuta chenicheni pa ntchitoyi si malamulo. Masewera akatha anthu amakamba za amene anachotsa HP 40 pa kutema kumodzi. Mabala amene sanachitike palibe amawakumbukira. Ndi ngati osewera wa nambala 6 pa mpira, amene masapota amamuzindikira tsiku limene kulibe. Ine ndinakonza fighter wa AC 19 chifukwa ndinkaopa kutaya mpangankhani wanga, ndipo mantha amenewo ndinawaveka dzina lakuti kuteteza gulu. Khalidweli ndimaliona ngakhale kunja kwa tebulo, pa ntchito za m'magulu za kusukulu, pamene munthu amasalaza kagawo kake kokha kuti mphunzitsi akafunsa iye asapezeke ndi mlandu, lipoti lonse likugwa. Ndinachitapo zimenezo, ndipo sindinaone kuti ndi khalidwe limodzi mpaka DM uja atandifunsa funso lake.

Mnzathu uja ndinakamupeza patapita masabata atatu, n'kumuuza kuti wizard wake anafa chifukwa ndinamusiya yekha. Anati iye ankaganiza kuti sadziwa kusewera. Anabwera Loweruka lotsatira ndi wizard watsopano, wa mbiri ya tsamba limodzi lokha, ndipo ine ndinapempha DM kuti andilole kusintha Defense n'kutenga Protection. AC yanga inatsika kufika pa 18.

Patapita mwezi tinapanikizidwa m'kanjira ka m'phanga, adani asanu ndi mmodzi kutsogolo, kumbuyo kopanda kothawira. Ndinaima pamene panapapatiza, wizard kumbuyo kwanga. Maraundi atatu otsatizana ndinasankha Dodge, ndipo reaction yanga inkapita pa muvi uliwonse woyamba wolunjika kwa iye. Pa raundi yachinayi ndinagwa pa 0. Cleric anandidzutsa ndi Healing Word, ndinaimanso pamalo omwewo ndi HP 6. Nkhondo yonseyo sindinateme munthu ngakhale kamodzi, ndipo amene anaimaliza ndi wizard, ali ndi HP yake yonse. Pobwerera ku hositelo anthu ankangokamba za matsenga ake, iyenso akufotokoza mmene anawerengera mafiti kuti moto usandipeze. Sabata yotsatira anabwera ndi masamba ena awiri a mbiri ya wizard wakeyo.